Kaulula ndi Fani ya a Likongwe

Amene sanafikeko ku ufumu wathu wa Mwangosemphana asadandaule, chifukwa ngakhale akanafika sakanatipeza. Ndife anthu okonda alendo kwambiri, bola mlendoyo atipeze tisanamuone. Tikayamba ndife kumuona ali potero, akutsika mtunda ndi chikwama chooneka kuti muli zovala za sabata yathunthu, timalowa kuchipinda, n'kugona chagada, n'kusiya mawu kwa amene ali pakhomo akuti, "Angotuluka kumene." Likulu lathu dzina lake ndi Angotuluka. Msika waukulu ndi wa Bweranimawa. Mayina amenewa sanatipatse ndi adani ayi, tinasankha tokha pa msonkhano umene theka la oitanidwa linangotumiza uthenga wopepesa.

Musaganize kuti ndi bodza wamba limeneli. Ndi mwambo, ndipo uli ndi malamulo ake. Mlendo naye amadziwa kuti mwini nyumba ali m'katimo. Nsapato amaziona pakhomo, wailesi amaimva ikuzimitsidwa. Koma munthu woleredwa bwino safunsa kawiri. Amangoti, "Mukawauze kuti ndinafika," mokweza mawu pang'ono kuti uthengawo usavutike kudzera mwa wina. Motero palibe wakana, palibe wakanidwa, ndipo chibale chimapitirira.

Ine amene ndikulemba izi ndine Chimkwita, mlembi wa Bwalo la Mfumu. Ntchito yanga ndi kukhala pakona ndi cholembera, kulemba zimene akuluakulu anena ndi kufufuta zimene akuti sananene. Pa luso lobisala ndinali wa gulu loyamba. Ndinabisalirapo mlaliki wina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo, ndili pansi pa bedi, mwendo utachita dzanzi, ndipo nkhani imeneyi ndinkaifotokoza pa mowa monyadira.

Chaka chimene ndikunenachi mtsinje wa Tidikire, umene umatembenuza makina a magetsi, unaphwa mpaka ana ankawoloka osapinda kabudula. Magetsi anachepa. Mfumu yathu, Ndamva Wachinayi, inaitanitsa bwalo.

Woyamba kuima anali a Zimitsani, Nduna ya Zamagetsi, munthu amene amalankhula ngati akuwerenga ngakhale alibe pepala.

"Mwini dziko, tafufuza mozama ndipo tapeza mdani. Mdani si chilala. Mdani ndi chipinda chopanda munthu. Mababu akuwalira mipando. Mafani akupepesera makoma. Mawailesi akuimbira amphaka. Magetsi a mfumu akudyedwa ndi anthu amene kulibe."

"Ndamva," inatero mfumu.

Kenako a Zimitsani anaitana Mayi Kadzuwa, injiniya wa bungwe la magetsi la ufumu, mayi wamfupi wosadziwa kukometsera nkhani. Anaika patebulo kabokosi koyera, kakakulu ngati sopo wochapira.

"Kabokosi aka kamamwaza mafunde m'nyumba, omwe aja a wayifayi amene mumalumikizira foni," anatero. "Mafundewo amagunda makoma ndi mipando n'kubwerera. M'nyumbamo mukakhala munthu, thupi lake limawasokoneza, ndipo kabokosi kamazindikira. Sikajambula chithunzi, sikamva mawu. Kakapeza munthu kamasiya magetsi oyaka, kakapanda kumupeza kamazimitsa. Ngakhale munthu agone osagwedezeka, chifuwa chake chimakwera ndi kutsika, ndipo kupumako kamakumva."

Kenako a Tinazolowera, Nduna ya Chikhalidwe, anakweza dzanja pang'onopang'ono.

"Ngakhale atakhala pansi pa bedi?"

"Ngakhale mu wodiropu, bwana."

"Ndikungofunsira anthu," anatero a Tinazolowera.

Tsiku lomwelo linatuluka Lamulo Loteteza Magetsi kwa Anthu Amene Kulibe. Nyumba iliyonse ndi ofesi iliyonse inayenera kukhala ndi kabokosi. Masiwichi onse anamatidwa ndi phula la boma, chifukwa nduna inati chala cha munthu sichingadaliridwe. Ndipo pofuna kuti alonda a magetsi asamavutike kulowa m'nyumba, a Zimitsani anawonjeza nzeru yawoyawo: pamwamba pa chitseko chakunja paikidwe kagalasi kosonyeza ndi nambala yobiriwira kuti m'nyumbamo muli anthu angati. Tonse tinawomba m'manja. Ine ndinawomba ndi cholembera chili m'kamwa, osadziwa kuti ndikuwombera tsoka langa lomwe.

Ku msika wa Bweranimawa kabokosi sikanathe masiku awiri kasanapatsidwe dzina. Anakatcha Kaulula.

"Ndiye kuti kaziuza aliyense wodutsa kuti ndili m'nyumba?" anafunsa mayi wina wogulitsa tomato.

"Sikalankhula, kamangolemba nambala," anayankha wogulitsa makala.

"Bola kakanamalankhula. Wolankhula umatha kumupatsa chinangwa kuti akhale chete."

"Ine ndaika kale thumba la simenti pamwamba pake."

"Mafundewo akuti amadutsa ndi khoma lomwe, achimwene. Mwangotaya thumba."

Pa msika wonsewo, munthu mmodzi yekha ndi amene sankaseka nawo. Ameneyu anali Fagesi, neba wanga ku Tikuimbirani, mayi wa zaka makumi anayi wogulitsa kaunjika. Fagesi ankakhala ndi bambo ake, a Likongwe, amene kale anali telala wotchuka. Theka la majekete a m'maofesi a boma anasoka ndi iwo, kuphatikizapo yanga. Zaka zitatu m'mbuyomo anachita sitiroko. Kuyambira pamenepo ankangogona chagada m'kachipinda ka malata, akuyendetsa maso ndi zala ziwiri za dzanja lamanzere basi. Thupi lawo silinkapirira kutentha. Fani ikazima nthawi yamasana, mpweya unkayamba kuwathawa. Panja sakanawagoneka tsiku lonse okha chifukwa cha ntchentche ndi agalu, ndipo Fagesi akapanda kupita kumsika ndiye kuti m'nyumbamo simudyedwa kanthu.

"Inu muzikatukwana, koma ine kandipatsa mtendere," Fagesi anauza anzakewo. "Kale magetsi ankangozima mwachisawawa. Pano akuti nyumba yokhala ndi munthu saidula. Ababa satha kuitana munthu, satha kukweza mkono, koma kabokosi kamawamva akupuma. Fani imazungulira tsiku lonse. Ndikamabwera madzulo, ndikangokhota pa chigayo paja, ndimayang'ana pakhomo. Ndikaona wani, mtima umakhala pansi ndisanatsegule n'komwe."

"Wani ameneyo ndiye watiphera mabanja ife," anatero wa tomato uja, onse n'kuseka.

Sankanama. Lolemba loyamba, nyumba ya maofesi a boma ya nsanjika zisanu inazima pafupifupi yonse nthawi ya 9 koloko m'mawa. M'mipando munali majekete mazana atatu, okolekedwa mwaulemu monga mwa nthawi zonse, koma Kaulula anapezamo anthu khumi ndi mmodzi, ndipo asanu mwa iwo anali odzafuna chithandizo. Kwathu jekete yokolekedwa pampando imatengedwa ngati nthumwi ya mwini wake. Ilipo ina imene inakwezedwa pantchito kawiri. Choncho akuluakulu anakhumudwa kwambiri, mpaka analemba chikalata chonena kuti makinawa ali ndi tsankho pa majekete.

Ine tsoka langa linabwera Loweruka. Ndinaona pawindo atsibweni a akazi anga akubwera ndi chikwama ndi nkhuku. Nkhuku ndi chizindikiro chakuti ulendowo ndi wa mwezi. Ndinalowa pansi pa bedi mwachangu, akazi anga n'kutuluka kukawalandira pakhonde.

"Angotuluka kumene, atsibweni."

Atsibweni anayang'ana pamwamba pa chitseko kwa nthawi yaitali.

"Iwe uli panja pano. Ana wati ali kwa azakhali awo. Mwamuna wako wati watuluka. Nanga mmodzi ali m'nyumbayo ndi ndani?"

Akazi anga anaona kuti nkhaniyo ikulowera ku mlandu wa chigololo. Analowa, anandigwira mwendo, n'kundikokera pabalaza ndili ndi ndodo ya tsache m'manja, imene ndinaitola kuti ndizioneka ngati ndimasesa. Atsibweni anakhala masabata asanu, ndipo tsiku lililonse ankandifunsa ngati pansi pa bedi payera.

Zimenezi zinachitikira aliyense. Akulu a mpingo anayamba kupeza anthu amene anadwala zaka ziwiri zapitazo ali bwinobwino. Ankhoswe anayamba kupeza amuna oitanidwa ku milandu. Nduna ina imene inalengezedwa pa wailesi kuti ili kunja kwa dziko inapezeka kuti yasiya nambala thuu pakhomo pa nyumba imene mkazi wake sankaidziwa. Anthu amene kale ankapatsana moni mwansangala, chifukwa chosapezana, tsopano anayamba kudana chifukwa chopezana.

Ndiye tinachita chinthu chimene sitinachitepo pa nkhani ya njala kapena ya mankhwala m'zipatala: tinayenda pamsewu. Tinanyamula zikwangwani zolembedwa kuti "Tibwezereni Ufulu Wosapezeka" ndi "Makolo Athu Ankabisala." Ine chikwangwani changa ndinalemba ndi zilembo zokongola kuposa onse. Kutsogolo kwa gulu kunali a Tinazolowera eni ake, atavala nsalu ya chikhalidwe, thukuta lili kamukamu.

Bwalo linakumananso.

"Mwini dziko, makinawa ndi anzeru koma ndi osaleredwa," anatero a Tinazolowera. "Mwana wa zaka zinayi wa m'dziko muno amadziwa kuti munthu akagona chete osagwedezeka, ndiye kuti sakufuna kupezeka. Wosafuna kupezeka ndiye kuti kulibe. Sitikuti kabokosi kachotsedwe. Tikuti kaphunzitsidwe ulemu."

"Zingatheke zimenezo?" a Zimitsani anafunsa Mayi Kadzuwa.

"Zingatheke. Tikhoza kukauza kuti kasamawerengere kupuma, kaziwerengera kuyenda kokha. Munthu akakhala duu mphindi ziwiri, kaziona ngati wachoka. Koma ndikuchenjezeni. Alipo anthu amene amakhala duu osati chifukwa akubisala. Odwala, ofa ziwalo, okalamba ogona pamphasa. Amenewo kazidzawazimitsira fani ndi nyale ali m'nyumba."

"Wodwala weniweni amabuula ndi kugubuduka," anatero a Zimitsani. "Ine ndikadwala malungo nyumba yonse imagwedezeka. Ndipo taonani phindu lake. Aliyense wobisala azibisala mumdima, magetsi n'kupulumuka. Chikhalidwe chapambana, chitukuko chapambana."

"Ndamva," inatero mfumu, ndipo palibe anadziwa kuti yamva uti.

Chenjezo la Mayi Kadzuwa ndinalilemba lonse, liwu ndi liwu, ndipo pamene ndinkalemba nkhope ya a Likongwe inandibwerera m'maganizo. Bwalo litatha a Zimitsani anaima kumbuyo kwanga, anawerenga, n'kugogoda pepalalo ndi chala.

"A Chimkwita, ndime iyi ikuchititsa kuti tsamba lioneke lodzaza."

Ndinaifufuta. Ndinkafufuta bwino kwambiri moti pepala silinkaoneka kuti panali kanthu.

Lamulo la Ulemu wa Makina litalengezedwa, kunali chisangalalo mu Angotuluka. Anthu ankayesererana: wina agone pamphasa, wina aime panja ndi wotchi, ndipo nambala ikasanduka ziro ankalulutira. Tinkabisala mumdima, fani itazima, thukuta likulowa m'makutu, koma tinali mfulu. Kumaofesi nako anagwirizana kuti jekete ndi munthu amene wakhala chete mwaulemu, ndipo nsanjika zisanu zija anazilumikiza ku waya wapadera wa kunyumba ya mfumu.

Tsiku limenelo Fagesi anakhota pa chigayo, anayang'ana pakhomo, n'kuona ziro. Anaponya mtolo wa kaunjika mumsewu n'kuthamanga akulira. Anapeza a Likongwe ali moyo, koma zofunda zitanyowa, milomo itauma, akupuma mobanika. Atangolowa iye, fani inayamba kuzungulira.

Anayesa nzeru zonse. Anamanga nsalu pawindo kuti mphepo iziigwedeza, koma Kaulula ankadziwa kusiyanitsa nsalu ndi munthu. Anabwereka mbuzi n'kuimangirira ku mwendo wa bedi. Kabokosi sikanaiwerengere, ndipo mbuziyo inadya ngodya ya bulangeti. Anapempha bambo ake kuti aziyendetsa zala ziwiri zija, iwo n'kuyesa mpaka misozi, koma kwa makina ophunzitsidwa ulemu zala ziwiri si munthu. Anafuna kuchotsa phula pa siwichi, alonda a magetsi n'kumuuza kuti wochita zimenezo amamudulira waya wonse. Mapeto ake anasiya kupita kumsika. Ankakhala m'chipindamo akuyendayenda, kapena atakhala pampando akugwedeza thupi ngati wotonthoza mwana, chifukwa naye akangoti duu fani inkaima. Mwezi wa Okutobala unali utangoyamba, ndipo malata ankachita kulira ndi dzuwa.

Tsiku lina anandiimitsa pa mpopi.

"A Chimkwita, inu mumakhala nawo pabwalo. Ndalemba kalata iyi. Sindikupempha kuti asinthe lamulo lonse ayi, anthu azibisala mmene akufunira. Ndikungopempha kuti kabokosi ka kwathu kokha akabwezere mmene kanalili, kazimva ababa akupuma."

"Nkhani yaing'ono imeneyo, achemwali. Isiyeni m'manja mwanga."

Kalatayo ndinaiika m'thumba la jekete, jeketeyo n'kuikoleka pampando wa ku ofesi. Ndinkafunadi kuipereka. Koma kuipereka kunali kukumbutsa a Zimitsani za ndime imene ine ndi iwo tinagwirizana kuti sinanenedwepo, ndipo ndinkaopa. Fagesi akandifunsa ndinkati ili m'njira. Atandifunsa kachitatu ndinayamba kudzera kuseri kwa chigayo.

Patatha masiku khumi ndi atatu ufa unatha m'nyumba mwa Fagesi. Wina anamuuza kuti Lachiwiri lililonse a Zimitsani amakhala ndi Tsiku la Khomo Lotsegula, lomvera madandaulo a anthu wamba, kuyambira 11 koloko. Kuchokera ku Tikuimbirani kukafika kumeneko ndi minibasi ziwiri. Ankafunika munthu woti akhale ndi bambo ake maola anayi okha.

Lachiwiri limenelo ine ndinali kunyumba, popeza jekete inali kuntchito. Akazi anga anali kumunda, ana kusukulu. Kunkatentha moti nkhuku zinali zitayasamula pansi pa mtengo wa mango. Cha m'ma 9 koloko ndinasuzumira pawindo n'kuona Fagesi atavala chitenje chake cha kutchalitchi, akugogoda khomo loyamba la mzere wathu. Anthu anali atamuona kale akutuluka. Ndinaona manambala akusanduka ziro, nyumba ndi nyumba, kutsogolo kwake. Aliyense ankadziwa kuti nyumba ya wodwala ukalowamo kamodzi, mawa akuitananso.

Ine ndinaganiza kuti akubwera kudzafunsa za kalata. Ndinagona pamphasa, manja pachifuwa. Fani yanga inaima. Kenako ndinamva kugogoda.

"Odi. A Chimkwita?"

Sindinasunthe ngakhale chala.

"Odi kuno."

Anadikira pang'ono. Ndinamva akupuma kunja kwa chitseko. Kenako analankhula, osati mokweza monga mwa mwambo, koma motsitsa, ngati akudzilankhulira yekha.

"Mukanakhalapo ndikanakupemphani mungokhala ndi ababa mpaka ndibwere. Simukanachita kanthu. Kungoyendayenda m'chipindamo kuti fani isaime, ndi kuwanyowetsa milomo ndi supuni. Za kalata zija musadandaule nazo, ndikanena ndekha."

Ndikunena zoona, mtima wanga unandiuza kuti dzuka. Ntchito imene ankapemphayo inali yoti ngakhale ine ndikanaitha. Koma ndinali nditagona kale mphindi zinayi. Ziro anali atalembedwa kale pakhomo. Kutsegula chitseko nthawi imeneyo kunali kuvomera kuti ndimabisala, kuti ndamva kugogoda kawiri n'kukhala chete, ndipo kwathu kuno palibe manyazi oposa amenewo. Ndinaganiza zonamizira kuti ndinali mtulo. Ndinaganiza zotulukira pawindo la kuseri n'kubwera ngati ndikuchokera kumsika. Ndinkasankhabe bodza labwino pakati pa awiriwa pamene ndinamva mapazi ake akuchoka.

Ndinadziuza kuti wina pa mzerewu atsegula. Ndinadziuzanso kuti akaona kuti palibe munthu, sapita. Nditadzuka n'kusuzumira, anali akukwera minibasi. Apo ndikanatha kupita ndekha kunyumba kwake, koma anali atakhoma ndi loko, ndipo ndinathokoza loko ameneyo mumtima mwanga.

Zimene zinachitika ku ofesi ya nduna ndinazimva pambuyo pake. Khomo linalidi lotsegula, mpaka analitchinjiriza ndi mwala kuti mphepo isalitseke. Pamwamba pake panali ziro. Anthu anakhala pa benchi kuyang'ana mpando wokhala ndi jekete, ndipo kuseri kwa kabati kunkamveka ngati wina akutafuna mtedza pang'onopang'ono. Mlonda anawauza kuti bwana angotuluka kumene. Fagesi anadikira mpaka 1 koloko, mtima uli kunyumba, kenako anathamangira minibasi, imene inaima pa siteji kudikira kuti idzaze.

Anafika cha m'ma 3 koloko. Asananyamuke anali atatsegula zenera, atafunditsa bambo ake nsalu yonyowa, ataika beseni la madzi pansi pa bedi. Nsaluyo anaipeza itauma gwa. A Likongwe anali atasiya kupuma. Pakhomo nambala inali ziro yemwe uja anamusiya m'mawa.

Pa maliro ndiye timapezeka. Palibe wa ku Mwangosemphana amene amajomba maliro, chifukwa aliyense amafuna adzaikidwe ndi anthu. M'mawa mwake mzere wonse wa Tikuimbirani unali pamenepo, amayi m'nyumba, abambo pansi pa mango. Wa tomato anabwera, wa makala anabwera. Unduna wa Zamagetsi unatumiza nkhata ya maluwa yolembedwa kuti malemu anaveka boma. Pamwamba pa chitseko panalembedwa 47. Mababu onse anayaka masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo fani inazungulira mwamphamvu mpaka inkakweza nsalu imene anaphimba nayo nkhope ya malemu. Mayi wina anati izimitsidwe, koma siwichi inali yomata ndi phula, choncho anangopsinja nsaluyo ndi buku la nyimbo.

Ine ndinagwira ntchito tsiku limenelo kuposa munthu aliyense. Ndinanyamula mabenchi, ndinawaza nkhuni, ndinathamangira kwa kalipentala kawiri. Ndinkachita zonsezi kuti ndisakumane maso ndi Fagesi. Koma dzuwa litapendeka, mayi wina anabwera kudzandiuza kuti anamfedwa akundifuna kuseri kwa nyumba.

Ndinamupeza atakhala pamkeka, mawu atasasa.

"Pepani, achemwali," ndinatero nditagwada. "Pepani kwambiri."

"Zachitika, a Chimkwita. Dzulo ndinafika kwanu. Ndinalankhula ndi chitseko ngati wamisala."

"Ndinali kuntchito."

"Ndinaona ziro. Musadziimbe mlandu." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Enawa ndikuwadziwa, ndinkawamva akutsokomola. Koma pa mzere wonse uja, inu nokha ndi amene ndikudziwa kuti mukanakhalapo mukanatsegula."

Ndinayang'ana pansi n'kugwedeza mutu kuvomera. Chikhalireni sindinamvepo manyazi otero, ndipo ngakhale pamenepo sindinaulule.

Kenako anatulutsa pepala ndi cholembera.

"Inu ndi odziwa kulemba. Mundilembere mbiri ya ababa yoti ikawerengedwe kumanda. Mulembe za ntchito yawo, za amayi, za ife ana. Ndipo mulembe chimene chawapha, anthu amve. Kukhala akuluakulu a boma kumeneko."

Ndinakakhala pansi pa mango, pepala pabondo. Za utelala ndinalemba tsamba lathunthu, ndipo anthu amene anamva anati sanamvepo mbiri yokoma chotero. Pa mzere womaliza ndinalemba kuti a Likongwe anamwalira atadwala nthawi yaitali.